Owomba nsalu anapita kuti? Nkhani ya bafuta, fulakesi ndi manja a ku Rumphi

Tsiku la msika pa boma la Rumphi, belo la kaunjika likangodulidwa zingwe, manja ndiwo amayamba kuona maso asanaone. Amayi obereka ana, anyamata a kabaza, aphunzitsi amene angolandira kumene, onse amapisa m'mulumo, kufinya nsalu, kuikoka uku ndi uku, kuiunika padzuwa. M'mulu wotero ndimo ndinatola malaya ena oyera motuwira, amakwinya okhaokha, olemererako kuposa a thonje. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma nsaluyo inkazizira m'manja ngati mtsuko wa madzi umene wagona pakhonde. Pakolala panali kansalu kolembedwa liwu limodzi lachingerezi: Linen.

Malayawo ndawavala zaka. Anzake amene ndinagulira limodzi anasanduka zokolopera kalekale, koma awa akamachapidwa amanka nafewa, ndipo thukuta la m'chigwa cha Henga limauma msanga pa iwo. Ndiwo anandifunsitsa funso limene ife ovala kaunjika sitifunsa kawirikawiri: nsalu imeneyi inamera m'munda mwa yani, anapota ulusi wake ndani, anaiwomba ndani? Funsolo linabala linzake lowawa. Kuchokera ku Hewe mpaka ku Mlowe, pamalo alionse amalonda mupeza telala pakhonde la sitolo, makina ake akulira. Koma nsalu imene akudulayo ndi yochokera kutali. Osoka tili nawo, ogulitsa tili nawo, ovala ndiye tonsefe. Nanga owomba nsalu anapita kuti?

Dzina timalidziwa, mbewu sitiidziwa

Aliyense amene anakulira m'tchalitchi analimvapo liwu loti bafuta. Farao atamukweza Yosefe anamuveka bafuta. Ansembe a Aisraeli ankatumikira atavala bafuta. Yosefe wa ku Arimateya anakulunga thupi la Yesu m'bafuta. Kumudzi nako, zovuta zikagwa, achibale amathamangira kusitolo kukagula bafuta wa nsanda. Motero ambiri timayesa kuti nsaluyi ndi imodzi, pamene si choncho. Bafuta wa m'sitolo ndi wa thonje. Dzina lake linabwera ndi amalonda a ku nyanja ya India, ndipo gwero lake ndi liwu la ku Persia lotanthauza chinthu chowombedwa. Omasulira Baibulo anabwereka dzinali chifukwa ndiyo nsalu yoyera imene anthu ankaidziwa. Nsalu ya Aiguputo ndi Aisraeli inali ya mbewu ina yotchedwa fulakesi, yomweyo imene mapesi ake Rahabi anafunditsa azondi padenga la nyumba yake ku Yeriko.

Fulakesi ndi imodzi mwa mbewu zakale kwambiri zimene munthu anazilima kuti avale. Ku London, m'nyumba yosungiramo zakale ya Petrie, muli malaya a fulakesi amene anafukulidwa ku Tarkhan m'dziko la Egypt, ndipo akatswiri atawapima anapeza kuti ali ndi zaka zoposa 5,000. Lero ulusi wabwino wochuluka wa mbewuyi umachokera kumpoto kwa France, makamaka ku Normandy, komanso ku Belgium ndi ku Netherlands.

Amishoni amene anamanga Livingstonia ankaidziwa bwino nsaluyi, pakuti kwawo ku Scotland mizinda ya Dunfermline ndi Dundee inakula ndi ntchito yowomba fulakesi, monganso Belfast kutsidya kwawo ku Ireland. Anatibweretsera nkhani za bafuta m'Buku Lopatulika, koma mbewu yake sinakhazikike m'minda yathu. N'chifukwa chake dzina timalitchula mlungu uliwonse, chomera chake sitingachiloze.

Luzi la kambewu kakang'ono

Fulakesi ndi kambewu kowonda, kotalika pafupifupi mita imodzi, ka timaluwa ta mtundu wa thambo timene timayoyoka tsiku lomwelo tamasula. Amakafesa mothithikana kuti mapesi akule owongoka, opanda nthambi. Pakatha masiku pafupifupi 100, mapesi akayamba chikasu, mlimi samweta ndi chikwakwa. Amazula ndi mizu yomwe kuti ulusi usafupike.

Apa ndi pamene fulakesi amasiyana ndi thonje. Ulusi wa thonje umatuluka m'chipatso, woyera kale, wongofuna kuuchotsa njere. Wa fulakesi umabisala m'khungwa la phesi. Munthu amene anasendapo luzi la mombo pomanga nkhokwe wamva kale nkhaniyi: fulakesi ndi luzi, kungoti ndi luzi la kambewu kakang'ono, losalala ngati tsitsi.

Kuti luzilo lilekane ndi phesi, mapesi amayenera kuvunditsidwa. Ena amawaviika m'madzi masiku angapo, ena amawayala pamunda milungu ingapo, n'kumawatembenuza, kuti mame ndi dzuwa zigwire ntchitoyo. Mayi wa ku Chiweta amene amaviika chinangwa cha kondowole amadziwa kuti ukachivuula msanga chimawawa, ukachedwa chimasungunuka. Fulakesi nayenso ndi chimodzimodzi. Ukamuvuula msanga luzi limakakamira kuphesi, ukachedwa luzi limaola n'kumaduka. Mphuno ndi zala ndizo zimauza mlimi kuti nthawi yakwana.

Mapesi akauma amawaphwanya ndi mtengo, zinyalala za m'kati n'kumayoyoka ngati mankhusu. Kenako amawakwapula ndi thabwa lopyapyala, n'kuwapesa pa chipeso cha misomali, kuyambira cha mano otalikirana mpaka cha mano othinana. Chotsala m'manja ndi mtolo wa luzi lalitali, lonyezimira. Lalifupi lotsalira pachipeso silitayidwa, amapotera zingwe ndi ulusi wokhuthala. Njere zake amayenga mafuta amene akalipentala amapaka matabwa ndiponso amathira mu penti. Wopota ulusi amakhala ndi kambale ka madzi pambali, n'kumanyowetsa zala, chifukwa luzi la fulakesi likanyowa limagwirana bwino ndipo ulusi umatuluka wosalala.

Ulusi wosakhululuka

Kuwomba nsalu, maziko ake ndi amene mayi woluka lichero amawadziwa: china chiime, china chipingase, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Pa chowombera, ulusi wa m'litali umamangidwa mokoka, mazanamazana, uliwonse wolowetsedwa m'diso lake. Wowomba akaponda thabwa la kuphazi, theka la ulusiwo limakwera, theka limatsika, pakati n'kutseguka kanjira. M'kanjiramo amaponyamo kamtengo konga bwato konyamula ulusi wopingasa, n'kukoka chipeso kuti ulusiwo ukakhale pamalo pake. Akaponda thabwa linalo, wapamwamba umatsika, wapansi umakwera, kabwato n'kubwerera. Nsalu imakula choncho, ulusi umodziumodzi.

Ulusi wa ubweya wa nkhosa umatanuka, wa thonje umatanukako pang'ono. Wa fulakesi sutanuka. Ndi wolimba kuposa wa thonje, koma ukaukoka mopitirira umangoti phwa. Pomanga ulusi wa m'litali, wina ukakhala wolefuka pang'ono, umalendewera mpaka nsalu kutha, kabwato n'kumakodwa pamenepo. Wina ukathina kuposa anzake, ndiwo umayamba kuduka. Choncho wowomba fulakesi amathera nthawi yaitali akuyendetsa chikhato pa ulusi womangidwawo ngati woyimba bangwe, kumvetsera ngati wonse wakokeka mofanana.

Mphepo youma ndi mdani wake. Owomba a ku Flanders ankagwirira ntchito m'zipinda zapansi zachinyontho kuti ulusi usamaduke. Ena amawaza timadzi, ena amapaka ulusi wa m'litali phala lopyapyala la ufa kuti usanyenyeke pokhulana ndi chipeso. Ku Rumphi izi zikutanthauza kuti chowombera fulakesi chingamve bwino nkhungu ya ku Khondowe ndi ku Phoka kusiyana ndi mphepo yotentha ya ku Nkhamanga m'mwezi wa Okutobala.

Nsaluyo ikachoka pa chowombera imakhala youma gwa ngati chiguduli. Amaichapa, n'kuimenya ndi chibonga chamtengo pamwala wosalala kuti ulusi uphwatalale ndi kuwala, n'kuiyanika pa udzu kuti dzuwa liiyeretse. Ikayamba kuvalidwa ndi pamene imaonetsa ubwino wake: imamwa thukuta n'kuuma msanga, ikanyowa imalimba kuposa ikauma, ndipo imafewa chaka ndi chaka. Ndi ulusi wofuna munthu wodekha, wa mtima wa uja anaona maso a nkhono.

Makolo athu sanali ausiwa

Pali bodza limene ambiri tinakula nalo, loti nsalu inabwera ndi azungu. Makolo athu ankavala zikopa ndi nyanda, inde. Nyanda ankaipanga posenda khungwa la mombo kapena kachere, kulinyowetsa, n'kulisula ndi chibonga mpaka litafewa ndi kutambasuka. Kusula kumeneko sikusiyana kwenikweni ndi kumenya kumene nsalu ya fulakesi imalandira pomaliza. Koma pambali pa nyanda panalinso nsalu yeniyeni, yopota ndi yowomba.

David Livingstone anali munthu wodziwa ulusi. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka m'fakitale ya thonje kwawo ku Blantyre wa ku Scotland. Atalowa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuwomba m'midzi yambiri, ndipo analemba kuti anali ndi mitundu yake: thonje manga lochokera kunja, ndi thonje kaja lachikhalire. Owomba anali amuna. Ankakhoma zikhomo pansi, kukoka ulusi pakati pake, n'kukhala pansi pamthunzi kuwomba pang'onopang'ono. Nsaluyo inkatchedwa machila, ndipo inkayenda malonda m'mbali mwa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete chifukwa cha kulimba kwake. Machila amene tikuwadziwa lero, onyamulira odwala, anatenga dzina ku nsalu imeneyo. Ngakhale liwu loti njinga, lisanakhale dzina la chokwera cha matayala awiri, linali dzina la kachipangizo kopotera thonje. Chilankhulo chinasunga zimene manja anaiwala.

Kumpoto kuno nako anansi athu ankawomba. Asenga a m'chigwa cha Luangwa, kutsidya kwa Hewe, ankadziwika ndi thonje ndi nsalu zawo. Afipa a kufupi ndi nyanja ya Rukwa ku Tanzania anapitiriza kuwomba mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Ndipo dziko lino linali ndi fulakesi wakewake. Livingstone ali cha ku Tete mu 1856 anaona anthu akupota ulusi wolimba kwambiri wa mtengo wa bwazi. Anatengako kupita nawo kwawo, ndipo amalonda a ku London atauona anaufanizira ndi fulakesi. Nzeru yosenda luzi, kulipala, kulipota pantchafu, inalipo kale pakati pathu.

Nanga chinaipha n'chiyani? Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwa cha Shire, anafotokoza mmene nkhondo zogwira akapolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zinasakazira midzi ya Amang'anja. Katharine Frederick, m'buku la 2020 lofufuza za kuwomba nsalu kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti si nsalu zakunja zokha zimene zinagwetsa lusoli. Anthu atafa ndi kubalalika, otsala anaika mphamvu zonse pa chakudya. Kwa Afipa, amuna atayamba kupita kukagwira ntchito kutali, zowombera zinasowa wozikhalira. Luso limafa pamene mwana wasowa womuonera.

Boma limene mbiri yake inayamba ndi nsalu

Ku Rumphi nsalu si nkhani yapambali. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda a minyanga ya njovu anaoloka nyanja n'kufika ku Nkhamanga. Mtsogoleri wawo amakumbukiridwa ndi dzina loti Mlowoka. Sanabwere ndi nkhondo. Anabwera ndi mikanda, makasu ndi nsalu, ndipo mbiri ya pakamwa imati ankapatsa akuluakulu a mafuko nsalu zomanga kumutu monga chizindikiro cha ulemu ndi ubale. Pa maziko amenewo panakula ufumu wa Chikulamayembe, umene Angoni anadzaugwetsa, n'kudzabwezeretsedwa mu 1907 pamene Chilongozi Gondwe analongedwa ufumu. Mwambo wa Gonapamuhanya, umene umachitika ku Bolero, umakumbutsa chiyambi chimenechi.

Phunziro lake ndi lalikulu. Amene anali ndi nsalu ndiye ankaika mtengo wa mnyanga. Aphoka a m'mapiri anali akatswiri a ng'anjo, ankasungunula chitsulo n'kusula makasu awoawo, koma nsalu yaulemu inkachokera kutsidya la nyanja.

Azungu atafika, nsalu inasanduka ndalama. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo amtengatenga ake ankalipidwa mikwamba ya nsalu. Amishoni nawonso poyamba ankalipira antchito ndi nsalu. Dr Robert Laws, mwana wa kalipentala wa ku Aberdeen, atasamutsira likulu la mishoni ku Khondowe mu 1894, anatsegula sukulu ya Overtoun imene inatulutsa aphunzitsi, alaliki, akalipentala, amisiri omanga, osindikiza mabuku ndi odziwa za telegalafu. Amisiri a ku Livingstonia anafunidwa mpaka ku Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Joni. Koma nsalu inkakwerabe phiri m'mabelo kuchokera kunyanja. Msonkho wa nyumba utabwera, anyamata a kumpoto anayamba ulendo wa kumigodi, ndipo chizindikiro cha munthu wobwera kuchokera kumeneko chinali sutikesi ya zovala. Ena sanabwerere, anasanduka matchona.

Dziko litalandira ufulu panali chiyembekezo. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, n'kumapota ndi kuwomba thonje la ku Chikwawa, Balaka, Salima ndi Karonga. Inalemba ntchito anthu masauzande, ndipo zitenje ndi mayunifolomu a ana asukulu zinali zathuzathu. Misika itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira, fakitaleyo inafooka, ndipo mu 2003 inagulitsidwa ku kampani ya Mapeto. Lero thonje lathu lochuluka limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, n'kubwerera ngati malaya amene wina wavala kale.

Sindikunyoza kaunjika. Waveka ana amasiye, waphunzitsa ana a amayi ogulitsa pamsika, wandiveka ine. Koma kuyambira nthawi ya Mlowoka mpaka belo la pamsika wa Rumphi, nkhani ndi imodzi: timapereka chimene nthaka yathu yabala, mnyanga, fodya, khofi, malasha a ku Mchenga, ndipo wina amatiuza chimene tivale ndi mtengo wake.

Kodi fulakesi angamere kuno?

Fulakesi wa ulusi amafuna nyengo yozizira, chinyontho chosadukiza, ndi nthaka yachonde yosasunga madzi. Amadana ndi udzu ali wamng'ono, ndipo safuna kubwerezedwa pamunda umodzi zaka zotsatizana. Dzuwa likamuwamba amathamangira kuchita maluwa, mapesi n'kukhala aafupi. Pa Nyika penipeni ndi malo otetezedwa, si polima. Koma mapiri a Phoka, Ntchenachena ndi Mphompha, kumene khofi amakondwa, ndi malo oyenera kuyesako. Ku Ethiopia alimi a kumapiri amalima mtundu wa mbewu yomweyi chifukwa cha njere zake, ndiye kuti si mlendo ku Africa.

Komabe safunsa anadya phula. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, mtengo wa fulakesi unakwera kwambiri, ndipo atsamunda a ku Kenya anathamangira kumulima m'mapiri. Gulu la asilikali achingerezi olumala pankhondo linapatsidwa malo pafupi ndi Kericho kuti lilime mbewuyi. Pasanathe zaka zitatu mtengo unagwa, ntchito yonse inafa, ndipo malowo anadzasanduka minda ya tiyi. Analima kuti agulitse luzi losapota ku msika wakutali umene sankaulamulira. Mlimi wa fodya wa ku Mwazisi kapena ku Mhuju, amene amayembekezera kumva mtengo ku okushoni ya ku Mzuzu ngongole ya feteleza ili pakhosi, akuidziwa bwino nkhani yotere.

Choncho fulakesi asalalikidwe ngati mpulumutsi wolowa m'malo mwa fodya. Ayesedwe pa timinda ting'onoting'ono, akatswiri a za ulimi a ku Lunyangwa akuyang'anira, kuti tidziwe mtundu woyenera, mwezi wofesa ndi njira yovunditsira. Kuviika m'madzi kumanunkhitsa ndi kuipitsa madzi, ndiye mitsinje imene anthu amamwa isakhudzidwe. Mame a m'mapiri alipo okwanira. Ndipo luzi likapezeka lisatuluke m'boma lisanasanduke nsalu, chifukwa phindu lili pa chowombera.

Poyambira pali pafupi

Kuthamanga sikufika. Munthu sayambira pa ulusi wovuta. Wophunzira ayambe ndi thonje, limene Karonga woyandikana nafe amalima, manja azolowere kumanga ulusi, kuponda ndi kuwongola m'mphepete mwa nsalu. Akakhwima asakanize: wa m'litali wa thonje, wopingasa wa fulakesi, monga ankachitira owomba ena a ku Ulaya. Pamapeto pake adzafike pa fulakesi yekhayekha.

Aphunzitsi sitikawafuna kunja. Ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, fakitale yowomba nsalu imene bungwe la MACOHA linakhazikitsa yaonetsa kwa zaka zambiri kuti Amalawi, ambiri a iwo aulumali, amawomba ndi manja makalapeti, nsalu za patebulo ndi zokongoletsa pakhoma zimene alendo amagula. Chowombera ndi matabwa, zingwe ndi tizitsulo pang'ono. Sichifuna magetsi, sichifuna dizilo. Boma limene linaphunzitsa dziko lonse ukalipentala silingalephere kuchikhoma. Sukulu ya ntchito zamanja ya Livingstonia ilipo, sukulu za ku Phwezi zilipo, yunivesite ya Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003 ilipo, ndipo bungwe la TEVETA ndilo limavomereza maphunziro a luso. Chosowa ndi munthu woti anene kuti kuwomba nsalu ndi ntchito, monga kuwotcherera ndi kumanga.

Tinene zoona: nsalu yowomba ndi manja singapikisane mtengo ndi kaunjika, ndipo wonena kuti ingatero akunama. Msika wake ndi wina. Ndi alendo okwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kukaona mathithi a Manchewe ndi nyumba ya miyala ya Dr Laws, ndi opita ku Chelinda ndi ku Vwaza, amene amafuna kubwerera kwawo ndi chinthu chopangidwa pamalo pomwepo. Ndi malo ogona alendo ofuna nsalu za patebulo ndi zotchinga mawindo. Ndi mipingo, imene imayala nsalu yoyera pa gome la Mgonero. Ndi amayi a Umanyano, akwati, mafumu, ndi ana a ku Rumphi amene ali ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Ulaya, olakalaka kanthu ka kwawo.

Ena anayenda kale njira imeneyi. Ku zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, lamulo la 1993 limati nsalu singatchedwe Harris Tweed pokhapokha itawombedwa ndi manja ndi anthu a pazilumbazo, pakhomo pawo. Dzina lotetezedwalo ndilo limasunga mabanja kumudzi. Ku Burkina Faso, Thomas Sankara analimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala Faso Dan Fani, nsalu ya thonje lawo lowombedwa ndi amayi awo, ndipo mpaka lero ndi chovala chaulemu m'dzikomo. Ife tinakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, koma munthu sangagule chimene palibe wachipanga.

Pali ntchito ina yofulumira kuposa zonsezi. M'midzi ya ku Hewe, ku Phoka ndi m'mbali mwa nyanja mukadali agogo amene anaona nyanda ikusulidwa, amene amadziwa mtengo wa luzi lolimba ndi khungwa lonyika nalo utoto, amene angapote chingwe pantchafu maso ali kwina. Aphunzitsi atume ana kukawafunsa. Ophunzira a ku yunivesite akawajambule ndi kulemba mayina a zipangizo m'Chitumbuka. Maliro alionse a munthu wotero amakwirira nzeru imene sitidzaipezanso m'buku.

Malaya anga aja ayamba kuperepeseka pakolala, ndipo tsiku lina adzatha. Ndikadzafuna ena ndidzabwerera kumsika kukapisa m'belo, kudikira kuti mlendo wina kutsidya la nyanja atope nawo ake. Umenewo ndiwo usiwa weniweni, ngakhale thupi litafunda. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa.

Inu a khonsolo ya Rumphi, inu a Sinodi ya Livingstonia, inu aphunzitsi a ntchito zamanja, ndi inu mafumu athu: khomani chowombera chimodzi, itanani mphunzitsi mmodzi wa ku Bangwe, patulani kamunda kamodzi ku Phoka. Mlowoka anamanga ubale ndi nsalu yochokera kutsidya. Tigwire ntchito kuti chaka china ku Bolero, pa Gonapamuhanya, nsalu yomanga kumutu kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe idzakhale yolimidwa, yopotedwa ndi yowombedwa ndi ana a ku Rumphi.